Timabala pa Mikono ya Nikolasi

Dzanja la malaya oyerawo linakana kulowa. Everson anakweza mkono wa mng'ono wakeyo, wozizira ngati paipi ya madzi m'mwezi wa Juni, n'kuutembenuza kuti auwongole. Ndi pamene anaona timabala takuda mkati mwa chigongono. Tinali tambiri, tondondozana motsatira mtsempha ngati mzere wa nyerere. Pena panali podera, pena pachikasu, monga zimakhalira magazi akaundana pansi pa khungu. Anausiya mkonowo, nazungulira tebulo la simenti, nakweza wakumanzere. Nakonso chimodzimodzi.

"Akulu," anaitana bambo wa ku motchale amene ankakolopa pansi, "tabwerani muone. Izi mwamuchita ndinu?"

Bamboyo anasuzumira ali chogwira chokolopera chake. "Ife sitibaya pamenepo. Izo n'za ali moyo. Ameneyu ankatengedwa magazi, osati kamodzi ayi. Ankadwala?"

"Ngakhale chimfine sichinkamudziwa."

"Ndiye kaya. Fulumirani bambo, pali maliro ena anayi akudikira tebulolo."

Everson anamaliza kumuveka. Nikolasi anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ankagwira ntchito yopakira katundu m'malole ku Makata, ndipo Lolemba masana anagwa kuchokera pamwamba pa matumba a feteleza, mutu n'kufikira pa simenti. Anthu anati chingwe chinaduka iye akukoka. Everson anali atavomereza zimenezo, ngakhale zinkamuvuta, chifukwa mwana ameneyu anakulira m'manja mwake, ndipo ankamudziwa kuti amakwera mtengo wa mango ngati nyani osaterereka. Zaka khumi ali pamwamba pa malole, lero angogwa ngati papaya? Tsopano timabalati tinamupatsa yankho lina, ndipo analigwiritsa ndi manja awiri.

Bokosi linafika ku Chemusa dzuwa lisanafike pamutu. Amuna anali pansi pa tenti ya lole imene anaimangirira ku mpanda wa aneba, amayi a mumphakati wa ku tchalitchi ali m'nyumba akuimba. Brenda, mkazi wa Everson, ankagawa tiyi pakhonde, mwana wawo Tithokoze ali pambali pake. Mtsikanayo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo ankadwala matenda akugwa, choncho mayi ake sankamulola kutalikira.

Bokosi litangoikidwa pa mabenchi awiri pabalaza, Everson analowa ndi nsapato zomwe, kulumpha miyendo ya amayi, mpaka pamene panakhala Magdalena, mkazi wa malemuyo, atafunda chitenje kumutu.

"Mlamu, tatulukani."

Anapita naye kuseri, pakati pa bafa ndi mulu wa njerwa zimene Nikolasi ankasonkhanitsa kuti awonjezere chipinda.

"Magazi a mwamuna wanu ankapita nawo kuti?"

Magdalena anakweza maso otupa. Sanafunse kuti magazi ati. "Alamu, tiyeni tiike maliro kaye. Ndidzakufotokozerani zonse mofatsa."

"Ndiye kuti mukudziwa."

"Si mmene mukuganiziramo."

Mbama inamufikira asanatseke pakamwa. Anadzandira, nagunda khoma la bafa, chitenje n'kugwera m'madzi a sopo. Everson anamugwira pa bulauzi n'kumudzutsa.

"Zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba muno, mwana simunamupatse. Lero mwamugulitsa magazi? Lankhulani!"

"Pali pepala," anatero Magdalena, magazi akuyenderera pa mlomo. "Ndisiyeni ndikatenge pepala muwerenge nokha."

Analowera khomo lakumbuyo, nabwera ndi mapepala anayi omata pamodzi, olembedwa m'Chichewa. Pamwamba panalembedwa kuti ndi kafukufuku woyerekeza mmene mapiritsi a mitundu iwiri, okhala ndi mankhwala amodzi, amalowera m'magazi a munthu wathanzi. Everson sanachedwe pamenepo. Maso ake anathamangira m'munsi ngati galu wonunkhiza, mpaka anapeza zimene ankafuna. *Tidzatenga magazi anu maulendo khumi ndi asanu ndi atatu pa gawo lililonse.* Patsogolo pang'ono: *Mutha kumva chizungulire kapena tulo.* Kumapeto kunali dzina la Nikolasi, m'zilembo zake zopendekeka zija.

"Ulendo wa ku Nchalo uja," anatero Everson. "Anandiuza kuti akupita ndi lole ku Nchalo masiku atatu. Kawiri konse."

"Ankagona ku kafukufukuko. Anati ndisakuuzeni chifukwa mukanamuletsa. Werengani ponse, alamu, werengani dzina la mankhwalawo."

Koma iye anali atatembenuka kale. Anakaima pakati pa tenti, nakweza mapepalawo m'mwamba, nawerenga mizere iwiri ija mokweza, kenaka nabwereza. Anafotokoza zimene anaona ku motchale. Amuna amene ankasewera bawo anasiya. Stewart, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene sankasowa paliponse pamene pali phokoso, anamenya benchi ndi chipewa chake.

"Anamapopa amenewo! Masiku ano sabweranso ndi mapaipi pawindo, amabwera ndi mafomu!"

Mawu amenewo anatuluka mu tenti, natsika ndi kanjira ka kumsika, nakwera kwa ogulitsa makala. Pofika ku siteji ya minibasi anali atasanduka ena: kuti mtembo ulibe ngakhale dontho la magazi, kuti mkazi wake anasayinira, kuti mayina ena a anthu a mu Chemusa ali kale pa mndandanda. Anthu amene sankamudziwa n'komwe Nikolasi anayamba kudzaza msewu.

Galimoto yoyera inafika nthawi itangopitirira 2 koloko. Inaima cha kumunsi chifukwa cha ngalande. Munatuluka mayi wamfupi wa magalasi, atavala chitenje pamwamba pa diresi, atanyamula jumbo ya shuga ndi buledi. Dalaivala anatsalira mkati. Mayiyo anagwada m'mphepete mwa tenti monga mwa mwambo.

"Pepani ndi zovutazi, azibambo. Ndine Esther, namwino. Malemu a Nikolasi anali nafe pa kafukufuku wa mankhwala. Ndabwera kudzakhuza maliro, komanso ngati achibale angalole, ndimve mmene ngoziyi inachitikira. Aliyense amene anali nafe akamwalira, timayenera kulemba kuti akuluakulu ena afufuze."

"Mwabwera kudzaona ngati munamumaliza?" anafunsa Everson.

Esther anayang'ana mapepala amene anali m'manja mwa Everson, kenaka nkhope za anthu, ndipo anayamba kudzuka pang'onopang'ono. "Bambo, ndikuona kuti pali kusamvana. Tingakhale pansi ndi mayi a kunyumba kuno..."

"M'galimotomu muli bokosi lozizira!" anakuwa Stewart ali kumunsi. Anali atatsegula chitseko chakumbuyo. Anakhuthulira bokosilo mumsewu, ndipo timabotolo topanda kanthu, totsekera tofiirira, tinamwazika m'fumbi. "Onani! Abwera ndi zotungira zomwe!"

Mwala woyamba unaswa galasi lakutsogolo. Dalaivala, Steve, anatuluka atakweza manja, wina n'kumutchera mwendo. Anamuponda kumsana, kum'ng'ambira malaya, koma anapulumukira m'ngalande n'kuthawa chokwawa, magazi ali chuchuchu m'khutu.

Apo ndi pamene Hamudi, mnzake wa Nikolasi wa ku ntchito, anakwera pa benchi. Zikhatho zake zonse ziwiri zinali zomangidwa mabandeji. Anakwinya malaya ndi mano, natambasula mikono.

"Anthuni, taonani kuno! Inenso timabalati ndili nato! Tinalipo anthu makumi awiri ndi anayi, bedi langa linali loyandikana ndi la Nikolasi. Amatipatsa piritsi limodzi m'mawa tisanadye, kenaka amatenga magazi kasupuni kamodzi, pakapita nthawi kenanso, kuti aone mankhwala akulowa bwanji m'thupi. Ine ndafa? Nikolasi chamupha n'chingwe! Ndinali mbali inayo ndikukoka, chinandisenda manja awa!"

"Ndiwe unamutengera kumeneko!" anatero wina. "Ejenti wawo uyu!"

Anamukokera pansi ndi miyendo. Thabwa la benchi lomwelo linamutsikira pamutu, ndipo Everson anamva kulira kwake ngati dzungu likusweka. Hamudi anadzipinda, manja a mabandeji ataphimba nkhope, anthu akumupondaponda.

Esther anathamangira ku khomo la nyumba, koma mayi wina wogulitsa tomato anamugwira tsitsi n'kumugwetsa. Shuga anamwazika pabwalo. Magalasi ake anaphwanyika pansi pa phazi la munthu. Ankakwawa, akupapasa pansi, akuti, "Chonde, ndili ndi ana, chonde." Kumunsi kuja wina anali atatulutsa petulo mu njinga ya Stewart, ndipo galimoto inalilima ndi mkokomo umene unagwedeza malata.

Everson anapezeka ali pabwalo, chidutswa cha njerwa za pa mulu uja chili m'manja. Sanakumbuke kuti anachitola liti. Chimene ankakumbukira ndi Chilobwe, m'chaka cha namondwe, pamene phiri linatsika ndi nyumba ya mayi awo. Iye ndi Nikolasi anakumba masiku asanu ndi anayi ndi makasu, osapeza ngakhale mpango. Nthawi imene ija panalibe woti amugwire pakhosi. Matope sungawamenye. Koma lero wakupha anali ndi nkhope, anali ndi dzina, ndipo ankakwawa pabwalo la mng'ono wake.

Esther anadzutsa mutu nthawi yomwe iye ankaponya. Njerwayo inamupeza pa diso lakumanzere. Sanakuwe. Anangokhala pansi mwadzidzidzi ngati munthu wotopa, manja ali pamiyendo, magazi akutsika pa tsaya mpaka m'khosi, kenaka anagwa chammbali.

"Mumalizeni! Tayala! Bweretsani tayala!"

Magdalena anatuluka m'nyumba akuthamanga, nadziponya pamwamba pa namwinoyo, namukumbatira mutu. "Muyambe ine!" ankakuwa. "Maliro ndi anga awa, muyambe ine!" Thabwa limene linkapita kwa Esther linamupeza iye pa mkono, fupa n'kuthyoka momveka. Sanasunthe. Amayi a mumphakati anagwira awiriwo miyendo n'kuwakokera m'nyumba, chigulu chija chikukankhana pakhomo kuti chilowe nawo. Chitseko chinazuka. M'chipwirikiti chimenecho wina anagunda benchi, bokosi linapendekeka, n'kugwa pansi ndi mbali. Chivundikiro chinatseguka, ndipo phewa la Nikolasi, m'malaya oyera aja, linatulukira pa simenti.

Amene anali kutsogolo anabwerera m'mbuyo. Everson anaima pakhomo, pakamwa pali yasa. Kenaka anamva mawu a Brenda kumbuyo kwake, akuitana dzina la mwana.

Tithokoze anali pansi pafupi ndi khonde, thupi litauma gwa, maso atatembenuzika. Kenaka miyendo inayamba kugunda pansi, thovu likutuluka pakamwa. Brenda anamugoneka chammbali, naika chitenje pansi pa mutu wake, akukankha miyendo ya anthu othamanga ndi chigongono. Everson anagwada kuti athandize, koma mkaziyo anamumenya dzanja.

"Musamukhudze! Manja amenewo musamukhudze nawo!"

"Mayi a Titho..."

"Mankhwala ake a mwana uyu! Nikolasi ankayesa mankhwala a mwana wanu uyu, inu mukugenda anthu! Pepala munali nalo m'manja, simunaone dzina? Dzina lomwe lili pa kabotolo kamene mumakaona tsiku ndi tsiku pawindo?"

Apolisi anafika ndi utsi wokhetsa misozi. Anthu anabalalika, kulumpha mipanda, kugwetsa miphika ya ndiwo za pamaliro. Apolisiwo anagwira Stewart ndi anyamata ena asanu. Esther, Hamudi ndi Magdalena anawanyamulira kumbuyo kwa galimoto ya polisi. Everson palibe anamuloza. Anali m'nyumba, maso akuwotcha, akubwezera mng'ono wake m'bokosi mothandizidwa ndi amayi awiri okalamba amene sanamuyang'ane kumaso ngakhale kamodzi.

Maliro anaikidwa mawa lake, anthu osakwana makumi atatu. Kwaya sinabwere. Magdalena anachokera kuchipatala molunjika kumanda, mkono uli mu pulasitala, ndipo anaponya dothi ndi dzanja lamanzere. Atamaliza anakaima kutali ndi Everson, pakati pa abale ake ochokera ku Phalombe, amene anali atanena kale kuti akumutenga sabata yomweyo.

M'mawa wa tsiku limenelo, asananyamuke, Brenda anali ataika timapaketi tiwiri patebulo pamaso pa mwamuna wake. Kena kanali ndi mapiritsi oyera, kena achikasu.

"Chaka chatha kuchipatala anatisinthira," anatero osakhala pansi. "Anati ndi mankhwala omwewo, kampani yokha ndiyo ina. Mwezi umenewo Titho anagwa katatu. Ulendo wina anagwera pa mbaula, chipsera chili pa mwendocho. Inu munati ndi mayi anga akumuchita za kumudzi, mukukumbuka? Amene anandiperekeza kuchipatala ndi Nikolasi. Iyeyo ndiye anafunsa adokotala kuti, kodi amene amaona kuti mapiritsi awiriwa ndi ofananadi ndani? Adokotala anati mwina vuto si mapiritsi, mwana akukula, mlingo ungafunike kusintha. Koma anati alipo anthu amene ntchito yawo ndi kuyeza zimenezo, ndipo amafuna anthu athanzi odzipereka. Nikolasi sanaiwale. Atamva kuti akuyesa mtundu wina wa mankhwala omwewa, wosungunuka m'madzi kuti ana asamavutike kumeza, anakalembetsa tsiku lomwelo."

"Bwanji osandiuza?"

"Dzulo mwadzionetsa nokha chifukwa chake."

Kumanda, anthu atayamba kubwerera, Everson anaona Hamudi atakhala pa muzu wa mtengo wa bulugamu, mutu wometedwa mbali imodzi, ulusi wa madokotala ukuoneka. Anabwera ngakhale kuti anali wa Chisilamu, ngakhale kuti ena mwa amene anamuponda anali pomwepo. Everson anakaima patsogolo pake.

"Khalani pansi, achimwene," anatero Hamudi. "Mukundichititsa chizungulire."

Everson anakhala. "Ndiuze zimene unkanena dzulo. Ndimve."

Hamudi anatola kamtengo ndi nsonga za zala, najambula pa dothi mzere wokwera msanga, kenaka wotsika pang'onopang'ono ngati phiri la Ndirande ukaliona uli ku Makata.

"Asisita Esther aja anatijambulira chonchi. Ukameza piritsi, mankhwala amakwera m'magazi, amafika pamwamba apa, kenaka amatsika mpaka kutha. Ndiye chifukwa chake amatenga magazi pafupipafupi, kuti apeze phiri lonseli. Gawo loyamba theka la ife linamwa piritsi lakale, theka linamwa losungunula. Tinapuma masabata atatu kuti m'thupi muyere. Titabwerera anatisinthanitsa." Anajambula mzere wachiwiri pamwamba pa woyamba uja. "Mapiri awiriwa akasanjikizana, ndiye kuti mwana akhoza kumwa lililonse, thupi silidziwa kusiyana. Koma lina likakhala lalifupi chonchi, mankhwala akuchepa, mwana agwa. Likatalika kwambiri, mwana aledzera nawo. Nkhani yonse ndi imeneyi. Magazi amene anatitenga pa gawo lonse sangadzaze botolo la Fanta."

"Pepala lija linati chizungulire."

"Tsiku loyamba, eya. Tonse tinkayenda ngati tachokera ku kachasu, n'chifukwa chake amatigoneka konko. Koma panali patapita masiku asanu ndi anayi, achimwene. Lolemba lija Nikolasi anadya chipisi ndi ine, akundiseka za timu yanga. Chingwe chija chinali chowola. Tinadandaula kawiri kwa kapitawo." Hamudi anafufuta mizere ija ndi phazi. "Mukanafuna woti mumugende, mukanandifunsa ine ndikanakuuzani kuti kulibe. Chingwe sungachigende."

Panapita masiku asanu Everson asanapeze kumene Esther anali. Atatuluka m'chipatala sanabwerere kwawo, anakakhala kwa mkulu wake Jennifer ku Zingwangwa. Hamudi ndiye anamulondolera nyumba, koma anakana kumuperekeza.

Linali Lachiwiri m'mawa. Everson anavala malaya a ku tchalitchi, nauza Brenda kumene kuli makiyi a shedi yake yowotcherera zitsulo. Brenda analandira makiyiwo osafunsa kanthu.

Jennifer atamva dzina lake pageti, anatola mpini wa khasu umene unali pakhonde.

"Mwabwera kudzamaliza diso linalo? Chokani ndisanaitane anthu. Kunonso anthu ogenda aliko, musaone ngati ndi ku Chemusa kokha."

"Musiyeni alowe, achemwali," anatero mawu ochokera m'nyumba.

Esther anali pa mpando pafupi ndi windo, theka la nkhope litakutidwa ndi bandeji. Mbali yotsalayo inali yotupa, yobiriwira. Everson anagwada pakhomo penipeni, osalowa mkati.

"Mayi, ndine amene ndinaponya njerwa ija."

"Ndikudziwa. Ndinakuonani. Ndi chinthu chomaliza chimene diso ili linaona." Analankhula mosakweza mawu, mosathamanga. "Alichotsa Lachisanu. Ngati mwabwera kuti ndikathetse mlandu, mwachedwa. Dzina lanu ndinalipereka kale ku polisi, ndipo sindikalichotsa."

"Sindinabwerere zimenezo. Ndikachoka pano ndikupita konko."

"Nanga mukufuna chiyani? Ndikukhululukireni? Mwina tsiku lina. Lero ayi. Steve khutu limodzi silikumva. Ana anga akuopa kundiyang'ana."

Everson anaweramitsa mutu. Jennifer anali chiimire kumbuyo kwake, mpini uli m'manja.

"Ndimafuna kudziwa," anatero Everson, "ngati zinatheka. Mapiritsi aja. Ngati ali ofanana."

Esther anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, kenaka anagwira tsaya chifukwa cha ululu. "Magazi a mng'ono wanu ali mu firiji, timabotolo tonse tili ndi nambala yake ndi nthawi yake. Palibe kamene kanatayika. Koma gulu lake linali loyamba. Gulu lachiwiri limayenera kubwera sabata ino kudzamaliza gawo lawo, ndiye anthu asanu ndi awiri akana, akuopa kuwotchedwa ndi aneba awo. Akuluakulu aimitsa zonse mpaka afufuze imfa ija ndi chipolowe chanu chija. Mwina tidzapitiriza, mwina tidzayambiranso, mwina basi zathera pomwepa. Sindikudziwa." Anamuyang'ana ndi diso limodzi lija. "Anandiuza za Tithokoze. Tsiku lililonse ankamutchula. Ali bwanji?"

"Anagwa tsiku lija. Panopa aliko bwino."

"Asadumphitse mankhwala. Ngakhale inu kulibe, mayi ake asadumphitse."

Everson anagwedeza mutu. Panali funso lina limene linkamuvutitsa kuyambira ku motchale.

"Timabala tija tinali tambiri, mayi. Hamudi ali nato, koma osafika pamene paja. Ankamva kuwawa?"

Esther atayambanso kulankhula, mawu ake anali atafewa, ngati akulankhula ndi munthu wina osati amene anagwada pakhomoyo.

"Ena timawaika kachubu kamodzi mumtsempha, timatengera pomwepo tsiku lonse. Mitsempha ya mng'ono wanu inkakana, kachubu kankangotsekeka. Ndiye tinkachita kumubaya ulendo uliwonse. Ndinamuuza kuti ali ndi ufulu wosiya, palibe angamudzudzule. Mumadziwa kuti ankaopa jakisoni?"

Everson anali ataiwala. Zinamubwerera tsopano: kamnyamata ka zaka zisanu ndi ziwiri kakuthawa mzere wa katemera kusukulu, iye akukathamangitsa mpaka kumtsinje wa Mudi, n'kukabweza atakanyamula paphewa kakulira.

"Chimunthu chonyamula matumba awiri nthawi imodzi," anatero Esther, "koma akangomva kathireyi kanga kakubwera, thukuta kamukamu. Anzake ankamuseka wodi yonse. Iye osayankha. Ndikafika pa bedi lake, ndisanamuitane n'komwe, ankangochita chonchi."

Anakhala tsonga pa mpandopo. Anatembenuzira nkhope kukhoma, naphimba diso lotsala lija ndi mkono wamanzere, mwamphamvu, ngati mwana wobisala. Kenaka, pang'onopang'ono, anatambasulira mkono wamanja kwa Everson, chikhatho chili m'mwamba, naukhazika pomwepo osaubweza.